Nzeru Sizikhala M'nsapato

Ndatopa nanu, anzanga, inu oyeza nzeru za munthu poyang'ana kuphazi. Ndimakumvani ku kafiteriya: wina akangolowa ndi mapatapata, Chingerezi chake chonunkha utsi wa kumudzi, mwamuweruza kale kuti ndi mbuli. Mlandu usanazengedwe, chigamulo chatuluka!

Ku Wimbe, m'boma la Kasungu, William Kamkwamba atasiya sukulu posowa fizi ankatolatola zitsulo zakutha. Anthu ankati wapenga. M'chaka cha 2002 zitsulo zomwezo zinayatsa babu ndi mphamvu ya mphepo. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College.

Akadalowa muno girizi ali m'zikhadabo, mukadamusendezera malo pabenchi? Ine ndakayika. Nanga inu aphunzitsi athu, kodi ndi angati amene mwawalepheretsa kale m'mtima musanatsegule pepala lawo?