Mwana "wosamva" ayambe wapimidwa makutu

Akonzi,

Ndiyankhulepo pa za makutu a ana athu, makamaka kuno kunyanja, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa.

Chichewa chathuchi chili ndi msampha. Tikati mwana uyu ndi wosamva, timatanthauza kuti ndi wamwano, ndipo chotsatira chake ndi kuthyola kamtengo. Koma alipo ana ambiri amene samvadi. Mphunzitsi akuyankhula kutsogolo, iwo amangoona milomo ikugwedezeka. Pa zaka zonse zimene ndakhala m'kalasi ndaona ana otere akubwereza Sitandade 1 kawiri katatu, kenaka n'kusiya sukulu kupita kukakoka chilimira. Makolo amangoti mutu wake ndi wouma.

Izitu si nkhambakamwa. Mu 2017 madokotala adasindikiza zotsatira za kafukufuku amene adachita m'midzi ya ku Chikwawa, komwe adapima ana 281 a zaka 4 mpaka 6. Adapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi aliwonse samamva bwino, khutu limodzi kapena onse awiri, ndipo ana 5 mwa 100 aliwonse anali ndi khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali. Ku Lilongwe nako, mu 2016, kafukufuku wa ana 380 omwe ali ndi kachilombo ka HIV adaonetsa kuti 24 mwa 100 aliwonse anali ndi vuto la kumva. Ambiri mwa iwo vuto silinali la mitsempha ayi, koma la njira imene mawu amadutsa polowa m'khutu, lomwe kawirikawiri limachizika.

Apa ndiye pondiwawa mtima. Bungwe la World Health Organization limanena kuti pa ana 10 ogontha, 6 adagontha ndi zinthu zopeweka: chikuku, matenda oumitsa khosi, mafinya osachizidwa, mavuto a pobadwa ndi mankhwala ena amphamvu. Kuno tionjezepo malungo aakulu ogwira ubongo, omwe sasowa m'boma lathu lino.

Za mafinyazi ndikhalepo pang'ono chifukwa tidazizolowera ngati chimfine. Mwana akadwala khutu, kachikopa kopyapyala kamkati kamaboola ndipo mafinya amayamba kutuluka. Ife ana athu amasamba m'nyanja m'mawa ndi madzulo, kudumphira ndithu. Madzi aja akalowa pabowopo, chilonda sichipola. Ndiye kunyumba agogo atenga nthenga ya nkhuku kapena mtengo wa machesi n'kumatokosa, ena n'kudonthezamo madzi a masamba kapena mafuta ophikira. Bowo limangokulirakulira. Achipatala amati khutu lotere lizipukutidwa ndi kansalu koyera kopotedwa ngati chingwe cha nyali, kenaka n'kudonthezamo mankhwala ochokera kuchipatala, ndipo madzi asalowemo mpaka litauma. Nzeru yosalira ndalama zambiri imeneyi, koma ndi amayi angati ku Sani kapena ku Ngala amene adauzidwapo?

Kafukufuku amene aliyense wa ku Unduna wa Zaumoyo ayenera kumuwerenga ndi wa ku Thyolo, wa 2017 yemweyo, momwe munali Dr Wakisa Mulwafu, dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero. Ana 150 adauzidwa kuti apite ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukalandira chithandizo. Omwe adapita anali 5 okha. Makolo adadandaula za kutalika kwa mtunda, ndalama yoyendera, mantha ndi chipatala chachikulu, ndiponso kusamvetsa chimene adauzidwa. Tsono taganizani, Akonzi, Thyolo ndi pakhomo penipeni pa Blantyre. Nanga mayi wa kuno, amene ayenera kukwera minibasi kudzera ku Salima mpaka ku Kamuzu Central, ndi kagoneko komwe, mpunga asanagulitse? Kalata yotumiza wodwala ku Lilongwe imathera m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi buku la kusikelo.

Choncho pempho langa ndi lakuti opima makutu ndi makina awo azibwera okha pa chipatala cha boma cha Nkhotakota ndi zipatala zing'onozing'ono pa masiku odziwika, olengezedwa m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Ku Thyolo komweko adayesa kuphunzitsa alangizi a zaumoyo kuzindikira matenda a m'khutu ndipo zidatheka. Athu kuno aphunzitsidwenso. Ochita kafukufuku nawo afike kunyanja kuno, adzaone ngati kusamba m'nyanja ndi malungo sizikuonjezera chiwerengerochi.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mukadali pa choko, musadikire makina. Sabata yoyamba ya Sitandade 1, imani kumbuyo kwa mwana aliyense, mutseketse khutu limodzi, munong'one mawu atatu kuti abwereze. Wolephera mumukhazike kutsogolo, muziyankhula mutamuyang'ana, ndipo muitane makolo ake. Amene wagontheratu, sukulu za ana ogontha zilipo ku Mua m'boma la Dedza ndi ku Bandawe ku Nkhata Bay, mbali zonse ziwiri za ife. Pa 3 Marichi, tsiku lokumbukira za kumva pa dziko lonse, ndikadakonda kuona mzere wa ana a Sitandade 1 pa chipatala chathu akuunikidwa m'makutu.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Nkhotakota.