Kodi Mapanga Awiri Avumbwitsadi Mphunzitsi wa Mpira?

Chakumapeto kwa chaka cha 2024, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno la FAM, litachotsa a Patrick Mabedi pa udindo wophunzitsa timu ya Flames, linapempha a Kalisto Pasuwa kuti agwirizire mpandowo. Pa nthawiyo a Pasuwa anali akadali mphunzitsi wa timu ya Bullets ya ku Blantyre, ndipo mmodzi mwa owathandiza anali a Peter Mponda, amene timu yao ya Silver Strikers inali kutsogolera mpikisano wa ligi. Chotero amuna awiri amene anakhala akutcherana misampha chaka chonse anapezeka atakhala pa benchi imodzi, aliyense atasiya kumbuyo ntchito imene inali isanathe.

Kuno kwa Mpama, kumene ambiri a ife mpira waukulu timaumvera pa wailesi, nkhani yotere sichedwa kuweruzidwa. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo munthu akatchula mwambi umenewu amayesa kuti mlandu watha. Koma tiyeni tiufunse mwambiwo mafunso, pakuti zimene zinachitika pabwalo zinaoneka ngati zikuutsutsa. Flames, imene inali itagonja masewero anayi otsatizana mu mpikisano wolimbirana malo ku chikho cha Africa, inafanana mphamvu ndi Burundi popanda chigoli, kenaka inathira Burkina Faso zigoli 3 kwa 0 pa bwalo la Bingu ku Lilongwe. Nayo Silver inatenga ligi, imene inali itaitenga komaliza mu 2013.

Tsono amene akufuna kuimba nthungululu ayambe adikira. Mayeso amenewa anali opepuka. Flames inali itatuluka kale mu mpikisanowo, pamene Burkina Faso inali itapeza kale malo ake. Panalibe amene akanafa ndi zotsatira za tsikulo. Ndiponso masewero awiriwo anachitika m'masiku amene bungwe la FIFA limapatulira matimu a maiko. Kusenza mitolo iwiri ya nkhuni pa mtunda waufupi ndiponso wa see sikutiuza zambiri za munthu amene akukwera nayo phiri la Chiradzulu.

Kuti tione katunduyu akulemera zenizeni tiyenera kusuzumira kunja. Mu Sepitembala 1985 a Jock Stein, mphunzitsi wa timu ya Scotland, anamwalira mwadzidzidzi pabwalo mu mzinda wa Cardiff, ndipo a Alex Ferguson, amene ankaphunzitsa timu ya Aberdeen, anatenga udindowo osasiya wao wakale. Anaifikitsa Scotland ku chikho cha dziko lonse ku Mexico mu 1986, kumene inabwerera m'ndime yoyamba. Aberdeen, imene inali itatenga ligi zaka ziwiri zotsatizana, inatsirizira pa nambala 4, ngakhale kuti inatenga zikho ziwiri. Onani bwino pamene panabooka: zikho, zimene zimafuna nzeru za tsiku limodzi, zinabwera, ligi, imene imafuna diso la mwini sabata ndi sabata, inapulumuka.

Koma chitsanzo chimene chikuunika nkhaniyi kwambiri ndi cha ku America, mu mpira wao uja wogwira ndi manja umene matimu a m'mayunivesite amasewera. Kumeneko aphunzitsi amalembedwa ntchito yatsopano mu Disembala, nthawi yomwe matimu amphamvu akulowa m'ndime zotsiriza. Mu Disembala 2015 a Kirby Smart, amene ankakonza zotchinga kumbuyo pa timu ya Alabama pansi pa a Nick Saban, anasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa Georgia. Anatsalira mpaka mapeto, ndipo Alabama inagonjetsa Clemson 45 kwa 40 ndi kutenga chikho, chingakhale wokonda kutola zifukwa anganene kuti 40 ndi zigoli zambiri kwa munthu amene ntchito yake inali kutseka pakhomo. Chaka chotsatira a Lane Kiffin, okonza zakutsogolo pa timu yomweyo, analembedwa ntchito ku Florida Atlantic. Iwo sanafike kumapeto: anasiyana ndi a Saban kutangotsala sabata imodzi kuti masewero otsiriza achitike mu Januwale 2017, ndipo Alabama inagonja kwa Clemson 35 kwa 31. Timu imodzi, bwana mmodzi, adani omwewo, koma wina anatha kusenza ndipo wina anatulidwa panjira.

Apa ndi pamene ine ndikuona kuti anthu timafunsa funso lolakwika. Timafunsa ngati maola a tsiku akukwanira, pamene funso lenileni ndi lakuti mtima wa munthuyo uli kuti. Mphunzitsi amene wabwerekedwa kwa masiku khumi adziwa kuti abwerera kwao, ndipo mbiri yake ili pa zonse ziwiri. Koma amene watsanzika kale ali ngati mkamwini amene wamanga akatundu: denga la nyumba imene akuisiya likamadontha, iye maso ali pa udzu wa kumene akupita. Usiku umene anayenera kusinkhasinkha za adani a Loweruka, amautha akuganiza za osewera ndi owathandiza amene adzawafune kutsogoloko. Si kuipa mtima ayi. Ndi mmene munthu analengedwera.

Kwathu kuno pali vuto lina limene a ku America alibe. Osewera ambiri a Flames amachokera m'matimu ochepa omwewo amene amalimbirana ligi. Mphunzitsi wa Bullets akamasankha timu ya dziko, akatenga anyamata ake ambiri, otsatira Wanderers anena kuti wakondera. Akawasiya, ena anena kuti akuwapumitsa kuti adzamuthandize Lamulungu. Akamugwiritsa ntchito mphindi zonse 90 wosewera wa timu imene akupikisana nayo, ndiye wosewerayo n'kuvulala, ndani adzakhulupirire kuti inali ngozi chabe? Ngakhale munthu woongoka ngati bango sangathe kudziyeretsa pa milandu yotere, pakuti umboni wake uli mumtima mmene anthu sangathe kuonamo.

Kumayambiriro kwa 2025 a Pasuwa, amene anaipatsa Bullets ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018, anasiyana ndi timuyo ndipo anapatsidwa Flames ngati ntchito yao yokhazikika, pamene a Mponda anachoka ku Silver kukatenga mpando wa ku Bullets. Kumeneko kunali kuchita bwino. Kubwereka mphunzitsi ndi mankhwala a pangozi, oyenera masewero awiri kapena atatu amene tsiku lake lothera lalembedwa poyera. Bungwe likauzolowera mchitidwewu chifukwa choopa kulipira munthu wakewake, pali ena amene amalipira mtengowo mwakachetechete. Loweruka masana mphunzitsi wa ntchito ziwiri amakhala pa benchi ya timu yake, ndipo osewera amene amawaona ndi ake ndi a adani ake a tsikulo basi. Sangapezeke ku Karonga kapena ku Dedza, ndipo mnyamata waluso amene akusewera pa bwalo lafumbi la sukulu kuno ku Chiradzulu angathe kukalamba dzina lake lisanalowe m'kope la munthu aliyense.