MZERE WA MTUNDU UCOTSEDWE M'MABUKU A ANCHITO

Makalaliki ndi mabwana ena akali ndi cizolowezi cofunsa munthu wodzalowa nchito kuti ndi wa mtundu wanji, ndi kulemba yankho lace m'faelo pamodzi ndi zaka zace, maphunziro ace ndi malipiro ace. Ena safunsa nkomwe. Amangomva dzina nalemba zimene aganiza. Mwini wace akadandaula kuti anamulemba molakwa, iwo amati adzakonza, nayesa kuti mlandu watha. Mlandu sunathe ai. Colakwa cacikulu ndi mzere weniweniwo, ndipo mankhwala ace ndiwo kuucotsa.

Coyamba, palibe kalaliki amene angalembe mzere umenewu moona. Dzina lakuti Phiri, Banda, Tembo kapena Mwale lipezeka pakati pa Acewa, Ansenga, Atumbuka ndi Angoni omwe. Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, nakwatira akazi a mitundu imene anaipeza, kotero kuti anthu ambiri a Mpezeni amalankhula Cinsenga. Kwa Acewa mwana atsata mai wace. Kwa Angoni atsata atate wace. Tsono mwana wa bambo Mngoni ndi mai Mcewa ali ndi kwao kuwiri, ndipo mbali zonse ziwiri zinena zoona pomuitana wao. Nanga wobadwira ku Kitwe, mai wace Mlozi, atate wace Mbemba, mkazi wace Mtonga, adzamuika m'bokosi liti? Kukonza cinthu cotere ndiko kusinthanitsa bodza limodzi ndi linzace.

Caciwiri, aliyense akumbukire amene anabweretsa mwambo umenewu. Anali atsamunda. Iwo ndiwo anayamba kuwerenga anthu ndi kuwalemba monga mwa mafuko ndi mafumu ao kuti msonkho usaphonye ndi kuti wanchito wothawa apezeke msanga. M'caka ca 1931, pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, eni mgodi anaika akulu oimira mitundu m'komboni, kuti madandaulo onse azidzera mwa iwo, mtundu uliwonse pa wokha. Koma pa sitalaka ya 1935 anchito sanamvere akulu amenewo, popeza msonkho wokwera ndi malipiro ocepa sizinasankhe mtundu. M'caka ca 1949 anchito anapanga bungwe limodzi la migodi yonse motsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu, ndipo mu 1953 anaponya voti nathetsa oimira mitunduwo. Anthu amene analibe ufulu anakana kugawidwa. Kodi kalaliki wa dziko la ufulu ali ndi cifukwa canji coukitsira cimene iwo anakwirira?

Zambia anaona kale kumene njira imeneyi ipita. Pa msonkhano wa UNIP ku Mulungushi mu August 1967, masankho a atsogoleri anatsata zigawo ndi zilankhulo, ndipo cidani cinakula kufikira mu February 1968 pamene Dr Kenneth Kaunda anatula udindo wace pa msonkhano wa ku Chilenje, nabwerera pokhapo atsogoleri ndi anthu atamudandaulira. Cigwirizano ca ku Choma ca mu June 1973, cimene a Harry Nkumbula anasaina, cinali cofuna kutseka bala lomwelo. Mau akuti Zambia Mmodzi, Mtundu Umodzi anagulidwa ndi mtengo waukulu m'dziko la mitundu 73.

Maiko ena analipira koposa. Ku South Africa lamulo la 1950 linalemba munthu aliyense monga mwa khungu lace, ndipo malamulo ena anatsata kulembedwa kumeneko polamulira kokhala, kogwira nchito ndi wokwatirana naye; lamulo la 1950 lija linafafanizidwa mu 1991. Ku Rwanda a Belgium anaika mtundu pa zitupa m'zaka za m'ma 1930. Zitupazo zinasungidwa ngakhale ufulu utabwera, ndipo mu 1994 akupha anaziwerenga pa misewu posankha woti afe. Kalaliki amene analemba mzerewo poyamba sanagwire cikwanje, koma madzi akatayika saoleka.

Oikira kumbuyo mzere umenewu amati Boma liyenera kudziwa ngati nchito zigawidwa mwacilungamo. Funso limenelo ndi labwino, koma yankho lace si faelo ya munthu mmodzi. Kalembera wa dziko lonse, monga wa 1969, wa 1980 ndi ena otsatira, amasonkhanitsa ziwerengero popanda kuika dzina la munthu pa tebulo la bwana wace. Faelo ndi yosiyana. Imatsegulidwa tsiku lokweza anthu pa nchito, tsiku lotumiza ena ku maphunziro, ndi tsiku locepetsa anchito. Bwana wa mtima wa tsankho safunanso kufufuza. Zonse azipeza zolembedwa kale, nayamba kuzungulira ofesi ndi akumunzi kwace.

Zimene wolemba nchito afunikadi kudziwa ndi zina. Alembe zilankhulo zimene munthu adziwa, pakuti mlangizi wa zaulimi wopita ku Petauke kapena namwino wopita ku Lundazi ayenera kumvana ndi anthu. Alembe wacibale woti auzidwe pa matenda ndi pa maliro. Alembe mudzi umene munthuyo afuna kukapumulirako nchito ikatha. Zonsezi anene ndi mwini wace, ndipo zikalakwika azikonze ndi mwini wace yemwe.

Malamulo ali kumbali ya wanchito. Gawo 23 la malamulo akulu a dziko liletsa tsankho la mtundu ndi la kocokera, ndipo lamulo la za nchito la 2019 liletsanso tsankho lotere polemba anthu nchito.

Nkhaniyi si ya m'matauni mokha. Makopaletivu, masukulu, zipatala za kumidzi, mafamu ndi misika ya mbeu zimalembanso anchito, ndipo ana a alimi ndiwo amadzaza mafomu amenewo. Cifukwa cace mamembala a cipani m'nthambi zao, pamodzi ndi mafumu ndi manduna, ayenera kupempha kuona mafomu olembera anchito m'madera mwao. Akapeza mzere wofunsa mtundu, apereke nkhaniyo kwa mkulu wa za nchito wa m'boma lao, ndipo asaleke kufunsa kufikira mzerewo utacotsedwa.