Kampanda wa pa Tsindwi ndi Njinga za Ana Athu



Lamulungu lapitali, titaweruka mapemphero, mdzukulu wanga anandionetsa kanema pa foni. Mnyamata wa kabaza anali pa liwiro la mtima bii mumsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Balaka, atagona chafufumimba pa thanki, wopanda chipewa, mnzake akumujambula ali pa njinga ina. Chimene chinandilasa mtima ndi maina a anthu amene anayamikira kanemayo. Ena mwa iwo timadyera nawo limodzi Mgonero wa Ambuye.

Ndinafunsa kumene ana athu akuphunzira zimenezi. Akuonera mipikisano ya MotoGP, ndipo ambiri amatchula Brad Binder wa ku South Africa, amene anapambana ku Brno mu 2020. Ena afika popita kwa amakaniko kuti awatembenuzire chopondera magiya, chifanane ndi cha akatswiriwo.

Ndiloleni ndifotokoze, pakuti kudzudzula chinthu chimene sukuchidziwa n'kuwononga mawu. Pa njinga zambiri zazikulu, giya yoyamba amaiponda pansi, zotsatirazo amazikweza ndi chala cha phazi. A mpikisano amatembenuza: yoyamba m'mwamba, zinazo pansi. Chifukwa chake n'chakuti pokhota amapendekeka mpaka bondo kukhudza phula, ndiye phazi silingalowe kunsi kwa chitsulocho. Ndi nzeru yabwino pa malo ake. Koma njinga ya kabaza imodzi amaiyendetsa mwini wake, mng'ono wake, ndi wobwereka madzulo. Phazi limatsata chizolowezi. Mbuzi ikadumphira mumsewu, phazi silidikira kuti mutu ukumbuke kuti makaniko anasintha chiyani. Wofuna kutsitsa giya amapezeka waikweza, wofuna kukweza waitsitsa, tayala la kumbuyo n'kuterereka.

Tsono tiyeni titsegule Deuteronomo 22:8. Kumeneko Mulungu analamula Aisraele kuti womanga nyumba yatsopano aike kampanda kuzungulira tsindwi, chifukwa anthu ankakhala pamwamba pa nyumba. Munthu akagwa chifukwa kampandayo palibe, mlandu wa mwazi unali pa nyumbayo. Taonani, abale: Mulungu sanaletse kukwera pa tsindwi. Anafuna kuti mwini nyumba aganizire za moyo wa mnzake munthu asanagwe.

Bwalo la mpikisano ndi tsindwi lokhala ndi kampanda. Onse amalowera mbali imodzi. Palibe ngolo, palibe mwana wa sukulu, palibe lole yochokera kutsogolo. M'mbali mwa makona muli miyala yaing'onoing'ono yochepetsa liwiro la wogwa. Okwerawo amavala zikopa thupi lonse, madokotala ali chire pomwepo. Komabe, ndi zonsezi, Marco Simoncelli anafera pa bwalo la Sepang ku Malaysia mu 2011. Nanga mwana wathu wovala patapata, tsiku la msika pa Ntaja kapena pa Ulongwe, kampanda wake ali kuti?

Werengani nokha masamu awa. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Woyendetsa akacheukira kamera kwa masekondi atatu, wayenda mamita 50 osaona kutsogolo, theka la bwalo la mpira. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti njinga iime umawirikiza kanayi. Malamulo amenewa anawaika m'chilengedwe ndi Mlengi yemweyo amene timamupempha kuti atiteteze pa ulendo.

Ena adzati, “Akulu a mpingo, mukudana ndi ntchito ya ana.” Ayi ndithu. Kabaza ikudyetsa mabanja, ikulipira fizi, ndipo yathamangitsira amayi oyembekezera kuchipatala usiku pamene galimoto palibe. Inenso ndimakwera. N'chifukwa chake ndikulankhula. Amene wakhala kumbuyo kwako, mwana wanga, sanalipire kuti alowe nawo mpikisano. Ndi mayi wa Mvano amene akupita kukaona wodwala. Katekisimu wathu amatiphunzitsa kuti lamulo lachisanu ndi chimodzi silingoletsa kupha kokha, komanso limatiuza kusamala moyo wathu ndi wa anzathu.

Kumbukiraninso Mateyu 4. Woyesa uja anatengera Ambuye Yesu pamwamba pa Kachisi, nawauza kuti adziponye pansi popeza angelo adzawawakha. Ambuye anakana, chifukwa kutero n'kuyesa Mulungu. Kumata vesi pa njinga kenako n'kuimitsa tayala la kutsogolo m'mwamba pakati pa anthu si chikhulupiriro ayi. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Koma lero chala changa chikuloza ife oonera. Mnyamata sadzijambula kuti aonere yekha. Amafuna m'manja mwathu. Tikayamikira ndi kugawa kanemayo, tamuuza kuti mawa awonjezere liwiro. Ndiye tsiku lina tidzasonkhana pa siwa, tidzaimba nyimbo usiku wonse, n'kumati chinali chifuniro cha Mulungu, pamene kampanda tinagwetsa ndife.

Ndikupempha zinthu zooneka. Kanema wotere akakufikani, musamugawe. Muimbireni mwanayo kapena makolo ake, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Eni njinga, gulani zipewa ziwiri, ndipo musapereke kiyi kwa wopanda chiphaso. Amakaniko a mumpingo muno, kanani kutembenuza magiya pa njinga yonyamula anthu, ngakhale ndalamayo ikome. Okwera, musachite manyazi kunena kuti, “Achimwene, chepetsani, apo ayi nditsitseni.” Ndipo inu anyamata okonda liwiro, luso lanu sitikulinyoza. Tionetseni pofikitsa munthu kwawo ali wamoyo, inunso n'kubwerera kwa amayi anu madzulo.

Ambuye asunge kutuluka ndi kulowa kwa ana athu onse a pa msewu. Amen.