Kusowa kwa Galimoto Sikuchita Kupangana

Anzanga ambiri akamva kuti galimoto ina ndi yosowa amathamangira kufunsa mtengo, ngati kuti chodula chilichonse ndi chosowa. Ine sindigwirizana nawo. Kwa anthu okonda galimoto, aja amatha kutsutsana tsiku lonse pa za injini, kusowa kumakhala ndi mbiri yake, ndipo kawirikawiri kampani yomwe idapanga galimotoyo sinkafuna n'komwe kuti idzasowe. Zitsanzo zanga nditenga kwa Peugeot, popeza dzinali si lachilendo kwa ife.

Peugeot 205 idatuluka ku France m'chaka cha 1983, ndipo zidapangidwa zoposa 5 miliyoni. Ndani angaitche yosowa? Komatu ili ndi mbale wake, 205 Turbo 16. Masiku amenewo mpikisano wa galimoto zothamanga m'misewu ya fumbi ndi ya m'mapiri udali ndi gulu lotchedwa Group B, ndipo lamulo lake linkati kampani yofuna kulowamo iyambe yapanga galimoto 200 za mtundu womwewo zoti munthu wamba n'kugula. A Peugeot adapanga 200zo pongofuna kukwaniritsa lamulo. Poiona patali ungati ndi 205 wamba, chonsecho injini yake ili kumbuyo kwa mipando ndipo mawilo onse anayi amakoka. Timo Salonen adapambana nayo mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 1985, Juha Kankkunen n'kudzapambananso mu 1986. Chaka chomwecho Henri Toivonen ndi mnzake Sergio Cresto adafa pa ngozi ya galimoto ya Lancia ku Corsica, ndipo akuluakulu a mpikisano adathetsa Group B. Kuchokera apo padalibenso chifukwa chopangira galimoto zotere. Amene ali ndi imodzi mwa 200 zija akusunga chinthu cha nyengo yomwe idapita osabwereranso.

Nkhani ya 504 ndiye imandiseketsa. Ansembe athu achikulire amaidziwa bwino galimotoyi, yomwe idayamba mu 1968 ndipo idapitirira kulumikizidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka chitadutsa chaka cha 2000. Koma padali 504 ina ya zitseko ziwiri ndi denga lansalu lochita kupinda, yomwe maonekedwe ake adajambulidwa ndi a Pininfarina a ku Italy. Mu 1974 adaiikamo injini yaikulu ya V6, pamene mafuta adali atangokwera mtengo koopsa chifukwa cha mavuto a 1973. Anthu adaithawa, poti imamwa petulo ngati ng'ombe ya m'chilimwe, ndipo za mtundu umenewu sizidakwane n'komwe 1,000. Lero yomwe makolo adaikana ija ndi yomwe ana awo akuilimbirana.

N'chifukwa chake sindichita chidwi kwenikweni ndi makampani amene amalengezeratu kuti apanga galimoto zochepa, n'kukhomamo kachitsulo kolembedwa nambala, pamene chasintha ndi utoto ndi nsalu za mipando basi. Kumeneko ndi kutsatsa malonda. Wina anganene kuti zochepa ndi zochepa ndithu, kaya zachepa motani. Zoona, koma ukamufunsa mwini wake chifukwa chomwe galimoto yake ilili yapadera, alibe chokuuza koposa nambala ija.

Palinso kusowa kwina komwe sitikuganizira. Ma 504 wamba, makamaka mapikapu, adalipo ambirimbiri, ndipo palibe adaganiza zosungako. Adanyamula chimanga, odwala ndi maliro mpaka kutheratu, ndipo otsalawo ambiri ali ndi injini ya galimoto ina, chitseko cha ina. Kupeza imodzi yomwe zonse zili monga idatulukira ku fakitale si ntchito yamasewera. Ndikadakhala ndi ndalama, zomwe mwana wa seminale saziona kawirikawiri, ndikadafunafuna pikapu yotereyo, ndipo ndikadayamba kufunsa m'magalaja a m'maparishi akale.