Musanafune liwiro, phunzirani kaye kuponda

Sukulu ikakonza ulendo wopita ku Mulanje, ku Zomba kaya ku Dedza, ambiri a inu mumatha maola angapo mutapindika m'minibasi. Galimoto ikangoima, ena amathamangira tchipisi, ena foni. Ine ndikuti patulani mphindi khumi, mupeze kanjira kadothi kotalikira msewu, muthamange pang'onopang'ono uku mukumvetsera mmene phazi lanu likuterera pansi. Maganizo anga ndi akuti wothamanga wachinyamata aziphunzira kaye kapondedwe asanayambe kulimbana ndi wotchi, ndipo tinjira ta m'mapiri timaphunzitsa zimenezi bwino kuposa tala.

Tiyambe ndi Isaac Newton. Lamulo lake lachitatu, lomwe linatuluka m'buku lake mu 1687, limati mukakankha chinthu nachonso chimakukankhani ndi force yofanana. Mukaponda nthaka, nthaka imabweza. Pothamanga, force imeneyi imafika kawiri kapena katatu kulemera kwa thupi lanu. Wophunzira wa makilogalamu 50 amalemera pafupifupi 500 N, ndiye kuti mwendo umodzi umalandira pakati pa 1,000 N ndi 1,500 N nthawi iliyonse akaponda. Ngati akuponda ka 160 pa mphindi, m'mphindi 20 zokha waponda ka 3,200. Kakulakwitsa kakang'ono mukakabwereza ka 3,200, bondo limayamba kudandaula.

Kulakwitsa kumene ndimakuona kwambiri pabwalo ndi kuponya mwendo patsogolo kwambiri, bondo litawongoka, poganiza kuti sitepe yaitali ndiye liwiro. Phazi likatera kutali kutsogolo kwa chiuno, mbali ina ya force ya nthaka imaloza kumbuyo. Zili ngati kupalasa njinga mutagwira buleki. Chinanso, bondo lowongoka limaimitsa thupi mwadzidzidzi. Kumbukirani impulse ija ya m'kalasi: force kuchulukitsa ndi nthawi ndiko kusintha kwa momentum. Nthawi yoimitsira ikatalika, force imachepa. N'chifukwa chake wosewera netball amabweza manja kumbuyo powakha mpira. Bondo lopindika pang'ono limagwira ntchito yomweyo. Choncho fupikitsani sitepe, phazi lizitera pafupi ndi pansi pa chiuno, ndipo muziponda mopanda phokoso. Mukamamveka phaa phaa ngati munthu akuomba m'manja, dziwani kuti mukumenya nthaka.

Nanga bwanji m'tinjira? Chifukwa kanjira sikalola ulesi. Pali mizu, miyala ndi tizigwa, ndiye maso amayang'ana patsogolo, sitepe imafupika yokha, ndipo akakolo amaphunzira kusintha msanga. Pa tala phazi limatera mofanana nthawi zonse, malo omwewo a thupi ndi amene amalandira katundu. Chitunda nachonso ndi phunziro la energy. Munthu wa makilogalamu 50 akakwera mamita 100, mgh imatipatsa 50 × 10 × 100, omwe ndi ma joule 50,000. Popeza minofu imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a energy ya chakudya kukhala ntchito, thupi limawononga ma joule pafupifupi 200,000, ndipo otsalawo amatuluka ngati kutentha. Thukuta lija ndi limenelo.

Potsika, ma joule 50,000 aja sasowa. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi imene imawameza, ikugwira buleki uku ikutambasuka, ndipo ndicho chifukwa ntchafu zimawawa mawa lake kapena mkuja. Amene amachita nawo mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje, woyambira ku Likhubula kudutsa ku Chambe ndi ku Lichenya, amatsika mamita mazanamazana mwa njira imeneyi. Pamalo otere sitepe yaitali ndi yoopsa. Zing'onozing'ono zofulumira ndi zimene zimagawa katunduyo.

Wina ati, "Koma aphunzitsi, kuthamanga n'kobadwa nako. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathon ya Olympics ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, anawerenga fizikisi iti?" Funso labwino ndithu. Amene munakula mukuthamanga opanda nsapato, nthaka inakuphunzitsani kale, chifukwa mukamenya chidendene pamwala mumamva pompo. Vuto limabwera tikagula nsapato zokhuthala pa kaunjika. Zimabisa ululu, koma force ija ikadalipo, ndiye munthu amayamba kuponda mosasamala. Sindikunena kuti muvule nsapato m'phiri ayi, kuli minga ndi miyala yakuthwa. Ndikungoti musalole nsapato kuti ziganize m'malo mwanu.

Mudzamvanso pa intaneti kuti aliyense aziponda ka 180 pa mphindi. Nambala imeneyi inachokera kwa kochi wa ku America, Jack Daniels, amene anawerenga masitepe a akatswiri pa Olympics ya ku Los Angeles mu 1984. Anali akatswiri ali pa mpikisano, osati wophunzira wa fomu 2 akuthamanga mofatsa. Werengani yanu: kwa masekondi 30, werengani kuti phazi lamanja laponda kangati, kenako chulukitsani ndi 4. Ngati mukuona kuti mumaponya mwendo patali, onjezani masitepe ochepa chabe pa mphindi, liwiro likhale lomwelo.

Pomaliza, za chitetezo, chifukwa fizikisi yomweyo imathanso kukugwetsani. Masamba a paini a ku Zomba ndi miyala yonyowa ya ku Mulanje zimachepetsa friction, ndipo phazi lotera patali ndi limene limatereka msanga. Chiperoni chikagwa njira sioneka, musalowe m'phiri. Musathamange nokha, auzeni aphunzitsi kumene mukupita, ndipo m'mbali mwa M1 si malo ochitira zimenezi.

Mawondo amene muli nawowa ndi omwewo mudzayendere muli ndi zaka 60. Pa ulendo ukubwerawu, tengani mnzanu mmodzi, wina azithamanga wina aziwerenga, kenako musinthane. Mudzabwere ndi manambala anu m'kalasi tidzawaike pabolodi.