Nyali zothwanima si zokometsera galimoto

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndidandauleko za nyali zothwanima za galimoto zopulumutsa anthu.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, matope anakwirira nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, magetsinso anazima. Usiku wotere ambulansi imadziwika ndi nyali yake yothwanima ndiponso mizere yonyezimira ya m'mbali mwake. Mizereyi imabweza kuwala kwa galimoto yomwe ikubwera, motero dalaivala amaiona ambulansiyo akadali patali, ngakhale itaima chozimitsa.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti anthu ena akuika nyali zotere pa galimoto zawo kuti azipatsidwa njira. Zikachuluka tidzazizolowera, ndipo tsiku lothamangira kuchipatala ndi mayi wapakati palibe adzapatuke.

Ku South Africa malamulo a pamsewu a mu 2000 anagawa mitundu: yabuluu n'ja apolisi, yofiira n'ja ambulansi, ozimitsa moto ndi opulumutsa anthu pangozi. Munthu wamba akaiika ndi mlandu.

Ndikupempha apolisi a pamsewu kuti azichotsa nyali zachinyengozi, aziyenderanso maambulansi onse, a boma ndi a mishoni omwe, kuona ngati mizere yonyezimira ilipo. Inu abusa, ansembe ndi mafumu, kumbutsani anthu anu kuti akamva kulira kwa ambulansi azipatuka msanga, kaya ali pa ngolo kaya pa njinga.

Tsoka silinunkha. Mawa wonyamulidwayo angakhale mwana wanu.

Wodandaula,
Phalombe.